Ndani abweze kiyi? Za chiganizo chimodzi m'kati mwa Linux

Anzanga a sayansi ya makompyuta ali ndi chizolowezi chotiseka ife a maphunziro a zilankhulo, mbiri ndi zolembalemba. Amati iwo amapanga zinthu, pomwe ife timangofotokoza zimene ena apanga kale. Sindikwiya nazo kwenikweni, poti nafenso tili ndi zathu zimene timawanena akatembenuka. Koma lero ndikufuna kuwatsutsa nditaima pabwalo lawo lomwe. Mfundo yanga ndi yakuti mu Linux, pulogalamu imene dziko lonse likudalira, munthu amene wakhala pansi n'kukonza chiganizo chofotokoza mmene kachigawo ka code kamagwirira ntchito wagwira ntchito ya uinjiniya yeniyeni. Ndipo pamene zimenezi zimaoneka bwino kwambiri ndi pa nkhani ya memori.

Ndiyambe ndi kernel, poti ambiri mwa inu owerenga tsamba lino ndinu anzanga a m'kalasi. Kernel ndi pulogalamu ya pakatikati, imene imaima pakati pa zitsulo za makina ndi mapulogalamu ena onse. WhatsApp ikafuna kamera kapena netiweki, pempho lake limatsika mpaka kukafika kwa kernel, ndipo kernel ndi imene imalankhula ndi chitsulocho. Kernel ya Linux anaiyamba Linus Torvalds mu 1991, ali wophunzira wa zaka 21 pa yunivesite ya Helsinki ku Finland. Mu 1992 anaiika pansi pa chilolezo cha GPL, chimene chimalola aliyense kuiwerenga, kuisintha ndi kuigawa, bola nayenso asabise zimene wasinthazo akamagawira ena. Lero ili ndi mizere ya code yoposa 30 miliyoni. Mtundu watsopano umatuluka pakatha masabata 9 kapena 10 aliwonse, ndipo pa mtundu uliwonse anthu pafupifupi 2,000 amakhala ataikapo dzanja, ambiri a iwo osaonanapo maso ndi maso. Foni iliyonse ya Android, kaya Itel, Tecno kapena Samsung, imayendera kernel imeneyi. Choncho nkhaniyi ili m'thumba mwanu.

Imodzi mwa ntchito zazikulu za kernel ndi kugawa memori. Pano sindikunena memori khadi yosungira nyimbo ndi zithunzi ija. Ndikunena RAM, malo amene pulogalamu imayalapo zinthu zake pamene ikugwira ntchito. Malowa ndi ochepa, makamaka m'mafoni otchipa a 2GB kapena 3GB amene ambirife tili nawo. Kernel imawagawa m'tizidutswa totchedwa mapeji, ndipo m'makina ambiri peji imodzi imakhala mabayiti 4,096. Ine ndimaiganizira ntchitoyi ngati ya woyang'anira hosteli. Ali ndi zipinda zowerengeka ndi mulu wa makiyi. Wina akapempha malo amapatsidwa kiyi, ndipo akamaliza amayenera kubweza kuti chipindacho chipatsidwe kwa wina. Mu code ya kernel, kupempha kumachitika ndi mawu onga kmalloc, kubweza ndi kfree.

Zinthu zimasokonekera m'njira zitatu zodziwika. Yoyamba, munthu wachoka osabweza kiyi. M'chipinda mulibe munthu, koma m'kaundula chikuoneka kuti chili ndi mwini, ndiye palibe angapatsidwe. Akatswiri amati memori yadontha. Kudontha kwa m'kati mwa kernel n'koipa kwambiri, chifukwa ngakhale mutatseka mapulogalamu onse malowo sabwerera, mpaka mutazimitsa makina n'kuyatsanso. Yachiwiri, munthu wabweza kiyi koma anasulitsa wina mwamseri, ndipo akupitiriza kulowa m'chipinda chimene tsopano ndi cha mnzake, kuwerenga makalata a mwiniwake ndi kusuntha katundu. Vuto limeneli amalitcha use-after-free, ndipo ndi khomo limene akuba a pa intaneti amalikonda, chifukwa wolowera pamenepo angathe kulanda ulamuliro wa makina onse. Yachitatu ndi kubweza chipinda chimodzi kawiri, mpaka woyang'anira uja n'kuchipereka kwa anthu awiri nthawi imodzi. Kuti muone kukula kwake, mu 2019 kampani ya Microsoft inanena kuti pafupifupi 70 peresenti ya mabowo a chitetezo amene imatseka m'mapulogalamu ake chaka chilichonse amachokera ku kusasamalika kwa memori. Mu 2020 opanga Chromium anapeza chiwerengero chofanana pa mavuto aakulu a pulogalamu yawo. Amenewa si mapulogalamu a Linux, koma analembedwa m'zilankhulo za banja limodzi ndi cha kernel, ndipo matenda ake ndi omwewo.

Gawo lalikulu la kernel linalembedwa m'chilankhulo cha C, chimene Dennis Ritchie anapanga ku Bell Labs kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. C sichikumbutsa munthu kubweza chimene wabwereka. Udindo wonse uli kwa wolemba. Chinthu chimodzi chikamagwiritsidwa ntchito ndi mbali zingapo za kernel, pamakhala chiwerengero: aliyense wochigwira amawonjezera 1, akamaliza nacho amachotsa 1, ndipo chiwerengerocho chikafika pa 0 memori imabwezedwa. Ndi lamulo lathu lija loti womaliza kutuluka ndiye azimitse magetsi.

Vuto limabwera pamene anthu awiri akugawana ntchito. Code imalembedwa m'tizigawo totchedwa mafunction, kalikonse kogwira ntchito yake, ndipo wolemba wina amaitana function imene mnzake analemba zaka khumi zapitazo ku dziko lina. Woitanayo ayenera kudziwa zinthu ziwiri. Function ikamupatsa chinthu, kodi yawonjezera kale 1 m'dzina lake? Nanga ikalephera pakati pa ntchito, kodi yabweza yokha zimene inabwereka, kapena yamusiyira iye? Chilankhulo cha C chilibe njira yonenera zimenezi, ndipo pulogalamu yomasulira code kuti makina aimve sifufuza. Malo okhawo amene yankho lingalembedwe ndi ndemanga ya pamwamba pa function, mizere ya Chingerezi wamba imene makina amaidumpha osawerenga. A Linux ali ndi kalembedwe kake ka ndemangazi, kotchedwa kernel-doc: dzina la function, tanthauzo la chilichonse chimene imalandira, malo amene ingaitanidwire, ndi chimene imabweza. Kuyambira mu 2016 ndemangazi zimasonkhanitsidwa ndi pulogalamu ya Sphinx n'kukhala mabuku a malangizo, ndipo amene wakhala akusamalira gawo limeneli kwa zaka zambiri ndi Jonathan Corbet, yemwenso ndi mkonzi wa LWN.

Nachi chitsanzo chimene chinandichititsa kulemba nkhaniyi. Mu kernel muli function yotchedwa kobject_init_and_add. Imachita zinthu ziwiri motsatizana: imakonza chinthu chatsopano, kuika chiwerengero chake pa 1 ndi kubwereka memori yosungira dzina lake, kenako imachilembetsa m'kaundula wa kernel. Nthawi zina kulembetsako kumakanika. Munthu aliyense akamva kuti ntchito yakanika amaganiza kuti palibe chachitika, ndiye amangochokapo. Koma pano gawo loyamba lachitika kale. Kiyi waperekedwa ngakhale dzina silinalowe m'kaundula, ndipo woitana ayenera kubweza poitana function ina yotchedwa kobject_put. Ndemanga yakale sinanene bodza. Inangouza wowerenga kuti malamulo ake ndi ofanana ndi a function ina, akawerenge kumeneko. Ambiri sanapite kukawerenga, ndipo m'malo angapo a kernel memori inali kudontha pa njira yomweyi. Mu 2019 wolemba code wina anaona kuti cholakwika chimodzimodzi chikubwerezedwa ndi anthu osiyanasiyana, natumiza patch, kutanthauza chigamba, chosintha ndemangayo kuti inene mosabisa kuti function ikalephera muitane kobject_put. Zigamba zina zambiri zinatsatira, zokonza malo amene anthu anaphonya.

Mnzanga wogona naye chipinda chimodzi, amene amaphunzira makompyuta, ndiye anandionetsa chigamba chimenechi, pofuna kundiseka kuti nayi ntchito imene ngakhale ife a ndakatulo tingaithe. Ine ndinaonamo zina. Chimene munthu uja anachita ndi chimene aphunzitsi athu amatiphunzitsa chaka choyamba chomwe. Anaona kuti owerenga ambiri, osadziwana, akumva chiganizo chimodzi molakwika m'njira yofanana, ndipo anazindikira kuti zikatero mlandu uli pa chiganizocho. Anaganizira wowerenga weniweni, munthu wotopa amene akulemba code yoyendetsa kachipangizo kake usiku, amene sadzatsegula fayilo ina kukafufuza lamulo. Kenako anaika chenjezo pamalo amene maso a munthuyo adzagwere. Ife timati kuganizira omvera. Makina amene anamasulira kernel tsiku limenelo sanaone kusintha kulikonse, koma wolemba aliyense wobwera pambuyo pake anapeza msampha utaikidwa chikwangwani. Machenjezo otere alipo ambiri. Pamwamba pa device_register pali lamulo loti chipangizo chisabwezedwe ndi kfree ngakhale kulembetsa kwakanika, ndipo mafunction ofufuza zipangizo m'makina a ARM, amene ndi a m'mafoni athu, amakumbutsa woitana kuti akamaliza aitane of_node_put.

Tsopano ndimve mbali ya otsutsa, poti ali ndi mfundo zomveka. Yoyamba ndi ya nthawi. Chigamba chilichonse, ngakhale cha chilembo chimodzi, chimatumizidwa pa imelo kwa wosamalira gawo limenelo, ndipo iye ayenera kuchiwerenga, kuchivomereza ndi kuchitumiza patsogolo. Osamalirawa ndi ochepa, ndipo akhala akudandaula poyera za kutopa. Mu 2021 wolemba code wina wa kernel anadzudzula ogwira ntchito pa kampani ina yaikulu kuti akutumiza tizigamba tosafunika kwenikweni pongofuna kuchulukitsa chiwerengero cha ntchito yawo pamaso pa mabwana. Dandauloli ndimalimvetsa. Nafenso timawadziwa anzathu amene pa ntchito ya pagulu amangosintha mitu ya ndime kuti dzina lawo lilowe pachikuto.

Koma dandauloli silikhudza zigamba zonse mofanana. Mu 2014 mwana wa zaka 4 anaona wachibale wake akuwerenga malangizo a kernel, nazindikira kuti pansi pa mutu wina mzere sunafike pa chilembo chomaliza, s, ndipo anati chilembocho chikudandaula. Anathandizidwa kutumiza chigamba, chinalandiridwa, ndipo mpaka lero anthu amaikonda nkhaniyi. Ndi nkhani yokoma, koma ndimaopa kuti ndi imene ambiri amaiganizira akamva za kukonza malangizo, ngati kuti ntchito yonseyi ndi ya ana. Kuti munthu alembe chiganizo choona chonena za amene ayenera kubweza memori, ayenera kutsata function yonse mzere ndi mzere, njira ya kupambana ndi njira iliyonse ya kulephera, n'kuwerenga pamene chiwerengero chakwera ndi pamene chatsika. Ayeneranso kuona mmene oitana akhala akuigwiritsira ntchito. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Chigamba chotere chimadya mphindi zochepa za wosamalira lero, n'kumupulumutsa ku zigamba zambiri za mawa zokonza kudontha.

Mfundo yachiwiri ya otsutsa ndi yolimba kuposa yoyamba. Amati ndemanga zimakalamba. Code imasintha, ndemanga n'kutsala momwemo, ndipo ndemanga yonama ndi yoipa kuposa kusowa ndemanga, chifukwa munthu amaikhulupirira. Choncho, amati, werengani code yokha, ndiyo sinama. Ndikuvomereza kuti ndemanga zimakalamba, koma zimenezi zikutanthauza kuti pafunika anthu oziyendera, monga mmene denga la udzu limafunira wolifolera chaka ndi chaka. Komanso code imangonena chimene ikuchita lero. Siinena chimene wolemba ankafuna, kapena chimene akulonjeza kuti sichidzasintha. Wowerenga code yokha sangasiyanitse khalidwe limene laikidwa dala ndi limene langochitika mwangozi. Zida zofufuzira zilipo, monga kmemleak yosaka memori yodontha ndi KASAN yogwira olowa m'zipinda za eni, koma zimagwira cholakwika chikachitika pamene code ikuyenda. Njira ya kulephera, imene mwina imayendedwa kamodzi pa chaka, ingathe kudutsa osaonedwa.

Chimene chimandisangalatsa n'chakuti akatswiri a memori enieniwo akhala akulimbana ndi vuto la mawu. Kwa zaka zambiri dzina loti page mu kernel linkatanthauza zinthu zingapo: peji imodzi yokha, peji yoyamba ya gulu la mapeji omangidwa pamodzi, kapena peji ya pakati pa gululo. Function ikalandira page, wolemba sankadziwa msanga kuti walandira iti, ndipo code inadzaza ndi kufufuza kobwerezabwereza. Matthew Wilcox anabweretsa dzina latsopano, folio, loimira chinthu chonse chathunthu, kaya ndi peji imodzi kapena gulu, koma osati chidutswa cha pakati. Panali mtsutso wautali, ngakhale pa dzina lenilenilo, ndipo ntchitoyi inalowa mu Linux 5.16 mu Januwale 2022. Ife a zolembalemba mawuwa timawadziwa. Ndi a osindikiza mabuku akale, pepala lalikulu lopindidwa kamodzi, monga First Folio ya masewero a Shakespeare ya 1623. Gawo lovuta kwambiri la kernel linapeza mpumulo pamene chinthu chimodzi chinapatsidwa dzina limodzi.

Nkhani ya Rust ikuloza komweko. Chilankhulo chimenechi chinayamba kulandiridwa mu kernel pa mtundu wa 6.1 mu Disembala 2022, ndipo mphamvu yake ndi yakuti chimakakamiza wolemba kunena mwini wa chinthu chilichonse, n'kukana kumasulira code imene yaphwanya lamulolo. Ena amaganiza kuti zimenezi zithetsa kufunika kwa ndemanga. Koma kuti olemba Rust alumikize code yawo ku mafunction akale a C, ayenera kudziwa kaye malamulo a mafunctionwo, ndipo m'magawo ena anapeza kuti malamulowo sanalembedwe paliponse mokwanira. Anali m'mitu ya anthu ochepa amene akhala pa ntchitoyi zaka zambiri. Mbali ina ya mikangano ya mu 2024 pakati pa olemba C ndi olemba Rust inagona pamenepa. Makina sangalondere lamulo limene munthu sanayambe walitchula.

Apa ndi pamene nkhaniyi imandikhudza kwambiri. Chaka chatha, pa phunziro la mbiri yapakamwa, tinatumidwa kukacheza ndi achikulire kwathu. Agogo anga aakazi amadziwa malire a minda ya banja lathu lonse: mtengo uti, chulu chiti, ndani anabwereka ndime iti ndipo anagwirizana zotani. Palibe cholembedwa. Pamene iwo alipo zonse zili bwino, chifukwa wokayika amangopita kukafunsa. Koma amene angafunse ndi yekhayo amene amawadziwa, amene amakhala pafupi, amene saopa kugogoda pakhomo pawo. Mu kernel zilinso chimodzimodzi. Lamulo losalembedwa limatumikira amene amagwira ntchito pa kampani imodzi ndi katswiri, kapena amene amakwanitsa kupita ku misonkhano ya ku Ulaya ndi ku America. Wophunzira wa ku Zomba kapena ku Mzuzu, amene ali ndi laputopu yakale ndi bandulo ya usiku, ali ndi zolembedwa zokha. Chilolezo cha GPL chimamupatsa ufulu wowerenga mizere yonse yoposa 30 miliyoni, koma ufulu umenewo sumuthandiza ngati chinsinsi cha kagwiritsidwe kake chili m'mutu mwa munthu amene sadzakumana naye. Tikamati pulogalamu ndi yotseguka kwa onse, mbali ina ya kutsegukako ili m'ndemanga zimenezi.

Sindikunena kuti ife a zolembalemba tithamangire kukatumiza zigamba mawa. Amene sanaphunzire C akakhudza ndemanga ya memori angathe kulemba bodza lomveka bwino, ndipo limenelo ndi loopsa kwambiri. Chimene ndikupempha n'chochepa. Kwa anzanga a makompyuta: mukamalemba function ya pa ntchito yanu ya kumapeto kwa chaka, lembani pamwamba pake amene abweze memori, ndi zimene zimachitika ikalephera, kenako mupatse mnzanu amene sanaione kuti awerenge, muone ngati wamva zimene mumatanthauza. Kwa aphunzitsi awo: perekani malikisi pa chiganizo chimenecho monga mumaperekera pa code. Ndipo kwa ife a m'kalasi mwanga, amene timafunsidwa kawirikawiri kuti digiri yathu tidzadya nayo chiyani, tizikumbukira kuti luso lozindikira pamene wowerenga angasochere likufunidwa ngakhale m'kati mwa foni. Amene ali ndi mtima wophunzira C pang'ono, foda ya Documentation ya kernel ili poyera, ndipo muli ngakhale tsamba lofotokoza mmene munthu watsopano angathandizire kukonza malangizowo.